Mphuno ya Alekeni ndi mbale ya mdzukulu wanga

Kuno kum'mawa munthu akakuuzani kuti sadya nshawa, mumayamba mwamuyang'ana kumaso kuti muone ngati akunena moseka. Nshawa ndizo mafuta a ndiwo zathu, ndizo kamba wa paulendo, ndizonso zinatumiza ambiri a ife kusukulu. Ine ndinaleredwa ndi phala la nsinjiro. Yunifomu yanga yoyamba inagulidwa ndi ndalama za matumba a Chalimbana amene atate anagulitsa, ndipo nditapuma pa nchito yauphunzitsi ndinabwerera kukalima munda womwewo. Conco owerenga adzandikhululukira ndikabvomera kuti zinanditengera nthawi kukhulupirira kuti mbeu imeneyi ingathe kupha mdzukulu wanga.

Tsiku limene tinadziwa

Mwanayo anabadwira ku Lusaka, ndipo anabwera ndi amai ake kudzationa ali ndi zaka 3. Ali khanda anabvutika kwambiri ndi khungu loyabwa ndi long'ambika, kotero kuti amai ake, pomvera malangizo a anzao, anali kumupatula pa zakudya zambiri, nshawa zomwe. Madzulo a tsiku lofikira, akazi anga anaphika cibwabwa cotendera, monga amacitira kwa mlendo aliyense wokondedwa. Mwana anadya mbamu ziwiri kapena zitatu. Ife tisanasambe m'manja, milomo yake inali itatupa, ndipo thupi lonse linatuluka zotupa zofiira ngati wagwa m'citedze. Anasanza. Pamene anayesa kuitana amai ake, mau anatuluka osasa, kupuma kwake kukulira ngati mluzu.

Mnansi wathu anatinyamula pa motoka yake. Za m'njira sindikumbukira ciliconse, kupatula kuti ndinali kuwerenga kupuma kwa mwana pacifuwa panga. Kucipatala dotolo sanataye nthawi ndi mafunso ambiri. Anamulasa nyeleti ya adrenaline panchafu, ndipo patapita mphindi zocepa mpweya unayamba kulowa bwino. Anatigoneka usiku umenewo cifukwa bvuto lotere nthawi zina limabweranso patapita maola. M'mawa anatembenukira kwa akazi anga, amene anali asanaleke kulira, nati: "Amai, simunalakwe kanthu. Koma kuyambira lero mwana uyu asalawenso nshawa, ngakhale kakang'ono ngati nsonga ya cikhadabo."

Matendawa ndi otani?

Pa Cizungu bvuto limeneli amalicha allergy, ndipo likafika poopsa monga linafikira kwa ife amati anaphylaxis. Thupi la munthu lili ndi alonda amene nchito yao ndi kuzindikira tizilombo toyambitsa matenda. Mwa anthu ena alondawa amalakwitsa, nayamba kuona puloteni ya m'nshawa, m'mazira, mu mkaka kapena m'nsomba ngati mdani. Akakumana nayo koyamba amangoisunga m'mtima. Akakumana nayonso amakhuthula mankhwala monga histamine, amene amatupitsa khungu ndi kummero, kupanikiza njira za mpweya, ndi kufooketsa kayendedwe ka magazi. Madotolo amaganiza kuti mwa ana a khungu long'ambika kukumana koyambako kungacitikire pakhungu pomwepo, mwana asanaikepo nshawa m'kamwa. Kuphika kapena kukazinga sikuononga puloteniyo. Mapiritsi a Piriton amathandiza kuyabwa, koma sangatsegule kummero kumene kwayamba kutsekeka. Mankhwala opulumutsa moyo pamenepo ndi adrenaline.

Nditawerenga mbiri ya matendawa ndinadabwa kupeza galu paciyambi pake. M'caka ca 1902 ku Paris, Charles Richet ndi Paul Portier analasa galu wochedwa Neptune ululu pang'ono wa kanyama kena ka m'nyanja yamcere, poganiza kuti thupi lake lidzazolowera. Galuyo anakhala bwino. Patapita masabata atatu anamulasanso pang'ono cabe, ndipo anafa theka la ola lisanathe. Apo ndi pamene panacokera dzina lakuti anaphylaxis, ndipo Richet analandira mphotho ya Nobel mu 1913. Nkhani imeneyi ndinaifotokozera abale anga onse amene anali kunena kuti, "Mupatseni pang'onopang'ono, adzazolowera." Madotolo ena amayesa njira yotere, koma m'cipatala, ndi miyeso yoyezedwa, nyeleti ili pafupi. Pakhomo ndi kusewera ndi moyo wa mwana.

Mwana abwera kudzakhala nafe

Caka cotsatira amai ake anapeza nchito ya usiku, ndipo banja linagwirizana kuti mwana akhale ndi ife. Ndinakhuthula nkhokwe ya nshawa ndi kugulitsa zonse, pamunda paja ndinabzala mpendadzuwa. Akazi anga anapatsa mng'ono wao mtondo umene anasinjiramo nsinjiro zaka zonse za ukwati wathu, nagula watsopano. Sananene kanthu tsiku limenelo, koma ndinaona m'mene anaupukutira asanaupereke.

Kuyeretsa nyumba yathu kunali kosabvuta. Cobvuta cinali mudzi. Kwathu mwana sadya kwa makolo ake okha. Akadutsa pakhomo pa mnansi amaitanidwa, pamaliro ndi paukwati amapatsidwa mbale, ndipo kukana cakudya ca munthu ndi kumunyoza. Tsono nshawa zimabisala paliponse: mu kandolo wotendera, mu cikanda, mu phala, mu ndiwo zoumitsa. Ena anayamba kunena kuti tikulera mwana monyada ngati wa Azungu. Ena anati analodzedwa ku Lusaka. Nthawi yomweyo galu wa mkulu wanga anaswa, ndipo tinatengako kamwana kamodzi kofiirira. Akazi anga, potsata mwambo wa makolo woyankhira anthu kudzera m'dzina la galu, anakacha Alekeni.

Mwana wanga wamwamuna ndiye anandionetsa pa foni agalu a ku America amene amaphunzitsidwa kununkhiza mbale ya mwana asanadye. Anati galu wotere amagulidwa ndi madola zikwi zambiri. Ndalamazo ndinalibe, koma maganizo sanandicoke. Ndinadziwa kuti ku Mfuwe, kuyambira 2014, bungwe la Conservation South Luangwa limagwiritsa nchito agalu pofufuza minyanga ya njobvu, mfuti ndi nyama ya m'thengo m'mamotoka. Ndinamvanso za bungwe la APOPO ku Morogoro m'dziko la Tanzania, limene limaphunzitsa abwampini kununkhiza mabomba okwirira pansi ndi cifuwa cacikulu m'makhololo, malipiro ao nthoci. Abwampini amenewa anathandiza pa nchito yocotsa mabomba ku Mozambique, imene inalengezedwa kuti yatha mu 2015. Ndinadziuza kuti ngati bwampini aphunzira, galu wa mphunzitsi sangalephere. Mudzaona kuti m'mau amenewa munali kale kunyada.

Sukulu ya kudimba

Mphuno ya galu ndi cinthu codabwitsa. Akatswiri amayerekeza kuti munthu ali ndi tinthu tomvera fungo pafupifupi mamiliyoni 6, pamene agalu ena ali nato toposa mamiliyoni 200. Galu akamanunkhiza amakoka mpweya pafupifupi kasanu pa sekondi imodzi, ndipo amautulutsira m'timing'alu ta m'mbali mwa mphuno, kotero kuti sauluza fungo limene akulilondola. Ife tikamva fungo la ndiwo timangoti ndiwo. Iye amasiyanitsa tomato, anyezi ndi nsinjiro. Conco galu saphunzitsidwa kununkhiza. Amaphunzitsidwa fungo limene ife tikulifuna, ndi m'mene angatiuzire kuti walipeza.

Ndinayembekeza kuti Alekeni alandire katemera wa ciwewe ndi kuphunzira kukhala pansi akauzidwa. Kenako ndinatsegula sukulu kudimba kwa mkulu wanga, kutali ndi mwana. Ndinasonkhanitsa zitini zisanu zofanana ndi kuboola zibvundikiro zake ndi msomali. Tsiku loyamba ndinaika nshawa m'citini cimodzi cokha. Mphuno yake itangofika pa cibvundikiro ndinati "Eya!" ndi kumupatsa kapenta mmodzi. Mauwo ayenera kutuluka nthawi yomweyo, cifukwa mukacedwa pang'ono galu sadziwa cimene mukumuyamikira. Atazindikira kuti fungolo limabala kapenta, ndinayamba kudikira kuti akhale pansi ndisananene "Eya!" Kukhala pansiko ndiko kunakhala cizindikiro cathu. Sindinafune galu wouwa pakati pa anthu akudya, kapena wokanda mbale.

Tinali kuphunzira m'mamawa kusanatenthe, mphindi zisanu kapena khumi, ndi kulekeza iye akali kufuna. Ndodo sinafike kudimbako. Galu womenyedwa amayang'ana dzanja la mbuye wake ndi kuiwala zitini. Patapita masabata ndinaonjezera zitini zopanda kanthu, kenako za cimanga, nyemba, nzama ndi soya, kuti asakhalire pansi cakudya ciliconse. Ndinasinthanso nshawazo: zaziwisi, zokazinga, nsinjiro, ciponde, cikanda, ndi ndiwo zotendera zogona. Pomaliza ndinacepetsa muyeso mpaka kungopaka ciponde pa supuni ndi kuipukuta.

Panali malamulo awiri amene sindinawaphwanye. Alekeni sanaloledwe kudya nshawa, cifukwa galu amene wadya ciponde akanyambita mwana amamupatsira cimene tikumuteteza naco. Ndiponso ine ndinali ndi zobvala za kudimba zokha, ndipo ndinali kusamba m'manja ndi sopo ndisanabwerere kunyumba. Mankhwala opaka m'manja aja amene tinazolowera pa nthawi ya korona amapha tizilombo, koma sacotsa puloteni ya nshawa.

Mayeso a akazi anga

Pofika nyengo yokolola Alekeni sanali kulakwitsa. Ndinayamba kuitana anthu kudzaona, ndipo ena amene anali kutinena anaomba m'manja. Tsiku lina akazi anga anabwera kudimba, nayang'ana kwa nthawi ndithu, nati: "Bambo, galuyu akuyang'ana inu, osati zitini. Tapitani kuseri kwa nthocizo, ndiike ndine."

Ndinapita ndikuseka. Anaika zitini ine osaona, ndipo pa maulendo khumi Alekeni anakhoza kanai kokha. Anali kufika pa citini ciliconse ndi kundiyang'ana kumaso ngati mwana wa sukulu amene akudikira kuti mphunzitsi amunong'oneze. Ndinazindikira kuti miyezi yonseyo, tikafika pa citini ca nshawa, ndinali kucepetsa mayendedwe ndi kuyamba kupisa dzanja m'thumba la kapenta. Cinthu cotere cinacitikapo ku Berlin, kumene kavalo wochedwa Hans anachuka poyankha masamu mwa kugogoda pansi ndi ciboda. Mu 1907 Oskar Pfungst anaonetsa kuti kavaloyo anali kuwerenga thupi la wofunsa, ndipo anali kulephera ngati wofunsayo sadziwa yankho. Ine, mphunzitsi wa zaka zambiri, ndinali nditaphunzitsa galu kubera mayeso.

Tinayambiranso. Kuyambira pamenepo akazi anga ndiwo anali kuika zitini, ine ndikuyenda ndi galu osadziwa kanthu, ndipo iwo anali kunena "Eya!" ali kumbuyo kwathu. Nthawi zina sanali kuika nshawa m'citini ciliconse, ndipo Alekeni anali kulandira kapenta akadutsa zonse osakhala pansi. Zotsatira tinali kulemba m'kope. Zinatenga miyezi ina yambiri kuti kopelo liyambe kutisangalatsa.

Mthiko wa alamu

Tsiku lina alamu anga, akazi a mkulu wanga, anabweretsa mbale ya nyemba imene anaphikira mwana. Monga mwa cizolowezi ndinaiika pa kampando ndi kuitana Alekeni. Ananunkhiza, nakhala pansi. Alamu anasintha nkhope.

"Alamu," anatero, "ndaphika ndekha nyembazi, ndi mafuta ogula kusitolo. Kodi tsopano mau a galu aposa anga?"

Ndinasowa poyang'ana, cifukwa ndi munthu amene anandilera monga mai atamwalira amai anga. Ndinati, "Pepani alamu, sindikukaika za mtima wanu. Koma galu wamkota sakandira pacabe." Anatenga mbale yao ndi kupita osatsazika. Madzulo anabweranso okha, nakhala pamkeka kwa nthawi osalankhula. Kenako anati mdzukulu wao wamkazi wabvomera kuti anabvundula nyembazo ndi mthiko umene unali mumphika wa cibwabwa cotendera. Analira, ndipo akazi anga analira nao. Mbiri ya Alekeni inafika midzi yoyandikana, ndipo ine ndinayambanso kuyenda ndi mapewa okwera.

Cimene ndinalakwa

Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinapita ndi mwana kumsika, Alekeni akutitsata. Lamulo la pakhomo linali lakuti mwana sadya cophikidwa kumsika. Koma anaona anzake akudya vitumbuwa, nandiyang'ana, nati, "Ambuya, Alekeni anunkhize cabe." Ndinagula cimodzi ndi kuciika pa mphuno ya galu. Iye anali wefuwefu, lilime lili panja. Anacinunkhiza kamodzi ndi kuyang'ana kumbali. Ndinapatsa mwana.

Analuma kawiri, nati m'kamwa mukuyabwa. Pofika kukiliniki, imene mwa mwai inali pafupi, zikope zinali zitatupa ndipo anali atayamba kutsokomola. Anamulasa adrenaline, ndipo tinagonanso kucipatala. Ndinamva pambuyo pake kuti wogulitsayo anali kukazinga nshawa ndi vitumbuwa m'ciwaya cimodzi. Mlandu sunali wake, pakuti sindinamufunse. Sunalinso wa galu. Galu akamapumira m'kamwa cifukwa ca kutentha sanunkhiza bwino, ndipo ndinali kudziwa zimenezi, pakuti ndico cifukwa tinali kuphunzira m'mamawa. Komanso galu amamva fungo louluka, pamene cimene cimadwalitsa mwana ndi puloteni yotsalira m'cakudya, ndipo ziwirizi siziyendera limodzi nthawi zonse. Usiku umenewo ndinaimbira foni amai ake a mwana, mwana wanga amene anandisungitsa mwana wake, ndi kumuuza ndekha kuti ndinapereka citumbuwaco ndi dzanja langa. Anakhala cete nthawi yaitali, kenako anati, "Atate, ndinasiya mwana ndi inu, osati ndi galu."

Kucokera tsiku limenelo tinakhazikitsa lamulo limene ndikupempha aliyense wofuna kuyesa zimenezi alisunge. Alekeni akakhala pansi, timamukhulupirira, ndipo mwana sadya. Akapanda kukhala pansi, sitinamve kanthu. Timafunsabe amene waphika, mphika umene waphikiramo ndi mthiko umene wabvundulira, timawerengabe timau tating'ono ta pa mapaketi, ndipo tikakaika mwana amadya zimene tanyamula kucokera kunyumba. Galu angathe kuletsa cakudya, koma cilolezo sapereka ndiye. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mau kwa makolo

Ndisasiye makolo ndi mantha olakwika. Nshawa ndi cakudya cabwino kwa ana ambiri, ndipo kuwamana kungabweretse bvuto lomwelo limene tikuliopa. Mu 2015 madotolo a ku London, motsogoleredwa ndi Gideon Lack, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa makanda 640 amene anali ndi khungu lodwala kwambiri kapena osayanjana ndi mazira. Pofika zaka 5, mwa amene anamanidwa nshawa pafupifupi 17 pa 100 alionse anali ndi matendawa, pamene mwa amene anayamba kuzidya ali makanda anali pafupifupi 3 pa 100. Amai athu amene anali kuthira nsinjiro m'phala la khanda anali kucita bwino. Mwana akayamba kudya, pitirizani mwambo umenewu, koma nshawa zathunthu musamupatse pakuti zingamutsamwe. Ngati khungu lake ndi lodwala kwambiri, yambani mwafunsa kucipatala.

Ndipo mukaona mwana atangodya watupa milomo kapena maso, watuluka zotupa, akusanza, mau asasa, akupuma mobvutika kapena walefuka, musadikire kuti muone ngati zipita zokha, ndipo musayambe kufufuza amene wamulodza. Musamuyendetse. Mugonekeni ndi kukweza miyendo yake, kapena mukhazikeni tsonga ngati akulephera kupuma, ndi kumunyamula kupita naye kucipatala msanga. Funsaninso dotolo za nyeleti ya adrenaline yoyenda nayo. Pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu alionse matendawa amamuthera akamakula, koma zimenezo zimayesedwa ndi madotolo, osati pamkeka.

Mdzukulu wanga tsopano ali pasukulu, kumene galu saloledwa. Aphunzitsi ake adziwa, anzake adziwa, ndipo iye mwini akapatsidwa cakudya amagwada, nathokoza, nafunsa kuti, "Kodi mulibe nshawa?" Nchito imene ndinayamba ndi zitini ikupita kwa mwini wake. Alekeni amamuperekeza mpaka pamlatho ndi kubwerera, ndipo Loweruka lililonse timapitabe kudimba kuti asaiwale. Kukhichini kwa alamu anga kwapacikidwa mthiko watsopano womangidwa ulusi wofiira kucigwiriro, ndipo palibe amene amaukhudza. Akaphikira mwana amabweretsa mbale okha, naiika pa kampando, naitana galu ndi dzina lake ine ndisanatsegule pakamwa.